Chilembo Chowerama

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe, anabwera kuno ku Golomoti ndi kompyuta yakale yosweka galasi, nalengeza kuti imeneyo ndiyo nkhokwe yatsopano ya banja. Iye anaitcha seva. Anaikhazika pamwamba pa kabati, nailumikiza ku batire ya sola ndi ku kabokosi ka waifai. Malinga ndi kufotokoza kwake, foni iliyonse ya pakhomo ikangotseguliridwa khomo ndi mawu achinsinsi, zithunzi ndi mauthenga ake zimakoperedwa m'nkhokwemo zokha, ngakhale opanda netiweki.

Kusankha mawuwo anandisiyira ine, ndipo sindinachedwe. Ndinasankha "kalemberedwe", liwu lokongola limene limasunga lamulo lonse m'thupi mwake: l amatsata a, r amatsata e. Foni yanga inalowa tsiku lomwelo. Mayi a kunyumba anati yawo idikire, popeza anali ndi mpunga wopalira ku Bwanje, ndipo mwanayo anakwera minibasi nabwerera.

Patapita masiku, ine ndili pa benchi kuchipatala cha ku Mua kudikira kuyezetsa BP, foni inalira. Anali mayiwo. Foni yawo inali itagwera m'madzi a m'munda, ndipo ngakhale inkayaka, banga lakuda linali kukwera pagalasi kuchokera m'munsi ngati inki yotayikira pansalu. M'fonimo munali mauthenga a mawu a malemu mchemwali wawo, amene tinawaika chaka chathacho. Kwina kulikonse kunalibe mawuwo.

"Bambo, chinsinsi chanu chija chikukana," anatero, atandiika pa sipika kuti azilemba uku tikulankhula.

"Mwalemba motani?"

"Mmene mumanenera muja. Kalembeledwe."

"Mayi, mwaika l pamalo pa r."

"Si chimodzimodzi?"

Apo ndinakhala tsonga, chifukwa funso limeneli ndakhala ndikuliyankha moyo wanga wonse wa uphunzitsi. Ndinayamba ndi malo a lilime m'kamwa. Abambo ena amene anakhala pafupi nane, atanyamula botolo la mankhwala, anatchera khutu mwaulemu.

"Inu, sukulu yanuyo mudzatsegule mawa!" anakuwa mayi. "Mdimawu wadya kale mzere wam'munsi. Chilembocho ndi chiti?"

"R, monga m'liwu loti mbiri."

"Mbili. Ndi chomwe ndaikacho."

"Ayi! R wa mpira."

"Mpila, eya. Kodi BP yo yakwera kale?"

Anayesanso, koma ulendo uno anasintha zonse ziwiri, nalemba "karemberedwe". Seva inakana, ndipo ndiyenera kunena kuti inakana mwachilungamo. Banga linafika pamzere wapakati wa zilembo, pamene l amakhala. R ali pamzere wapamwamba, ndipo kumeneko kunali kusanade.

Ndinazindikira kuti khutu silitithandiza, popeza kwa mayi zilembo ziwirizi ndi mapasa. Ndinatembenukira ku maso.

"Tamverani. Choyambacho ndi chachitali, choima chilili ngati mtengo wa magetsi."

"Chimenecho sichikuonekanso. Ndingobaya pamene chimakhala."

"Bayani. Chachiwiricho ndi chachifupi, chowerama ngati munthu wobzala mpunga."

"Ooo, kogwira msana kaja! Bwanji osanena kale, aphunzitsi?"

Namwino anaitana dzina langa ndipo ndinamupempha ndi dzanja kuti alowetse wina. Kenaka mayi anati kamzere kobiriwira kosonyeza kukopera kayamba kuyenda. Ndinawalangiza kuti adule foni, aiike pa kabati, asaikhudzenso ngakhale kuipukuta.

Pofika kunyumba masana, galasi linali lakuda lonse, ndipo fonija sinayakenso. Ndinatsegula nkhokwe pa foni yanga, mayi ataima pambuyo panga, m'miyendo mukadali matope. Zithunzi zinafika zina, zambiri zinatsalira m'njira. Koma mauthenga a mawu, pokhala opepuka, anali atawoloka onse.

Ndinabaya woyamba. Mlamu wanga anamveka m'chipinda monse, akuseka, kufunsa ngati beseni lake lija tinaligula kapena tinangobwereka. Mayi anandilanda foni, nakhala pansi pakhonde.

"Beseni lake lomwe lija lobooka," anatero, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Ikaninso. Kabatani kake n'kati, koima kapena kowerama?"

"Ka ngodya zitatu kaja, kogona cham'mbali," ndinayankha, ndipo anakapeza okha.