Mboni ya Che Amidu

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, Che Amidu, ndimamva fungo la phula lotentha lomwe ankamatira maboti a anthu ku Nkope, utsi ukuwalowa m'maso, iwo osaphethira, pakamwa pali nkhani imodzimodzi ya ku Lisiboni. Ankati ali mnyamata analembedwa ntchito yophika m'sitima yapamadzi ku Beira, sitimayo n'kukafika nawo ku Lisiboniko, mzinda waukulu wa Apwitikizi, wokhala pamapiri moyang'ana doko. Ankati kalekale mzindawo unagwa ndi chivomezi, nyanja n'kulowa m'misewu, moto n'kumaliza zotsala, eni ake n'kuumanganso misewu itawongoka ngati mizere ya chimanga.

Vuto linali loti palibe ankawakhulupirira. Che Saidi, mnzawo wa pabawo, ankati agogo sanapitirire pa Mponda. Ine zinkandiwawa, chifukwa kusukulu ndinkagulitsa nkhani zimenezi posinthana ndi zitumbuwa, ndipo malonda anali atayamba kugwa.

Tsiku lina m'mawa, zaka zija za makhadi a chipani, boti la asilikali apamadzi a Chipwitikizi lochokera tsidya la Mozambiki linaima kutsogolo kwa mudzi. Linali lotuwa, mfuti itavala nsalu, ndipo amalinyero atatu anapalasa kudzagula nkhuku. Ndinawakoka agogo mkono mpaka pamchenga, Che Saidi ndi theka la mudzi ali pambuyo. Mboni inali itadzibweretsa yokha.

Agogo anapukuta manja, n'kuyamba Chipwitikizi chawo chadzimbiri ndi mmodzi wamng'ono, wamakutu opsa ndi dzuwa. Anamufunsa za doko, za nsanja ya m'mphepete mwa madzi, za msika wa nsomba. Mnyamatayo ankangopukusa mutu, kenaka anayankha motalika, maso ali pansi.

Wodziwa chinenerocho pamchenga ponse anali agogo okha. Ndinawatsina pantchafu. Akanangoti wavomera zonse, ndani akanatsutsa?

"Akuti mzindawo sakuudziwa," anatero agogo. "Ngwa kumudzi ngati ife, kwawo amaweta mbuzi. Lisiboni anangodutsamo pagalimoto yotseka tsiku lomwe ankamukweza sitima. Akuti ndimuuzeko ine mmene ulili."

Ndinafuna mchenga undimeze. Koma agogo anakhala pamphuno ya bwato, n'kumujambulira misewu ndi chala, mnyamatayo atanjuta ngati mwana wa ku madrasa, anzake akumuitana iye osamva.

Che Saidi anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakanda ndevu.

"Amidu, iwe unafikadi. Wabodza akanatiuza kuti mzunguyu wavomera."

Lero ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Mangochi, ndipo lilime langa lathyola anthu ambiri, sindikana. Jekete wamba ndimatha kulitamanda mpaka mwini wake woyamba angalifunenso. Koma kasitomala akandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, inuyo mukudziwa, ine sindidziwa, n'lolimba?" pamenepo bodza limandikanika. Ndimamuonetsa pomwe lang'ambika, ndikudzitukwana chamumtima.