Thumba Lachitatu la Mbewu ya Mpunga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi. Mayi Nyirenda, aphunzitsi ochokera kumpoto, anabwereka munda wa mpunga m'dambo la kwa Maganga, ndipo atandiona ndikutsogolera kwaya anati munthu woimbira Mulungu sangawabere. Anandipatsa khasu ndi chikwakwa, n'kundinong'oneza kuti ndikhalenso maso awo.

Kapitawo anali a Saidi, bambo osalankhulalankhula. Ndiwo anandiphunzitsa kuthira mbewu m'ndowa yamadzi n'kutaya zoyandama, kuinyika tsiku limodzi, kuivundikira m'chiguduli mpaka itayamba kumera, kenaka kufesa pa nazale. Pakatha masabata atatu tinkazula mbande n'kuwokera motsata chingwe.

Koma ine bambowa sindinkawakhulupirira. Chilichonse ankangoti "Inshallah," kutanthauza kuti Mulungu akalola, pamene pa matumba atatu a mbewu tinanyika awiri okha. Lachitatu ndinaliona ndi maso angawa lili pa njinga yawo, ulendo wa kumtunda. Sindinawafunse n'komwe, ndinangothamangira kwa mayi.

"Ndalisunga pouma, mayi," anatero a Saidi ataitanidwa. "Dambo ili ndimalidziwa."

"Munda umenewu tinaupempherera," anayankha mayi. "Mukukayikira Mulungu, kapena mwapeza kale wogula?"

Thumba linabwera lili chisokere, koma ine ndinati alibweza chifukwa chogwidwa. A Saidi anachotsedwa ntchito, ukapitawo n'kugwera ine. Mbewu yonse ndinaifesa, tinawokera mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Kunena zoona, ndinkayenda modzimva.

Mu Febuluwale mvula inagwa kumapiri masiku atatu. M'mawa wina ndinapeza munda wonse uli mchenga wokhawokha, mpunga wakwiririka. Ngakhale pamenepo mtima wanga unathamangira kwa a Saidi, ndinati mwina agumula migula mwadala. Ndinazungulira kufuna mapazi awo, koma ndinangopeza minda ya anansi itakokolokanso. Nthawi yowokeranso inalipo, koma tinalibe mbewu ngakhale yodzaza dzanja.

Mayi analira. Kenaka anandituma kukapempha mbande kwa a Saidi, munthu yekhayo amene anali ndi nazale yachiwiri kumtunda. Ndinafika manyazi atandigwira, ndinagwada patali.

A Saidi sananditukwane. Anandiloza mbali imodzi ya nazale yawo n'kunena kuti, "Zulani kufika pa chikhomo icho. Mvula ndi ya Mwini wake, achimwene, koma thumba lija anasungitsa ife."

Mbandezo zinangokwana kagawo kakang'ono ka munda. Chaka chimenecho mayi anasiya ulimi, ine ntchito n'kuthera pomwepo.

Lero ndili ndi munda wanga. Ndimapemphera ndisanafese, ndipo mbewu ina ndimaisiya pouma. Kukayikira anthu sikunandithere, koma tsopano ndimayamba ndafunsa mwini wake. Asanasiye ulimi, mayi anandituma kawiri kukapempha a Saidi kuti abwerere pa ntchito. Ulendo wachiwiri a Saidi anandifunsa kuti, "Nanga wondilondera adzakhala yemwe uja?"