Njinga yanu yakana kulira

Bambo a Tadala, njinga yamoto yakalekale ija munabwera nayo kuchokera ku Joni yakana kulira. Chimwalirireni inu amayendetsa ndi achimwene anga, koma sabata ino yangoti zii. Tagula pulagi yatsopano ku Sharpevale, tasintha koyilo, mapoyinti tawapala ndi bokosi la machesi monga munkachitira inu. Palibe chasintha. Tadala wanu ndi woyembekezera ndipo watopa kale. Mvula yadula msewu, galimoto sizikufika kuno. Ndipita naye pa chiyani kuchipatala, ine?

Ndakumbuka tsiku lija inatizimira panjira ya ku Kasinje. Munachotsa waya wa pulagi n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, tagwirani apa, musataye." Ine posadziwa ndinagwira. Mutaponda kiki, shoko inandimenya mpaka m'chigongono, ndinakuwa n'kukulalatirani pamaso pa anthu. Inu kuseka mpaka misozi, mumvekere, "Moto ulipo! Yafa ndi pulagi basi." Lero waya womwewo ndaugwira ndekha, popanda wondinyengerera. Achimwene aponda mpaka thukuta kamukamu, ine kudikira kuti shoko indimenye, ingakhale indigwetse pansi. Chala changa sichinamve kanthu. Kodi ndi kondensa, kapena waya waduka penapake? Inu munkangomvetsera kamodzi n'kudziwa. Sindidzakulalatiraninso, ndalumbira. Waya uja ndagwira kale, bambo a Tadala. Bwerani mudzangoponda.