Mano a m'kabotolo ka a Mailesi

Christabel Gerishoni ndi mmodzi wa anthu aja mungadutsane nawo pamsika wa pa Neno Boma osawacheukira. Ndi wamfupi, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, amayenda ngati mvula ikumuthamangitsa, ndipo zala zake n'zotuwa chifukwa cha sipiriti ndi magulovu. Anabadwira kumapiri a ku Midzemba. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6, ndipo amene anamuphunzitsa mpaka kukafika kukoleji ya za labu ku Blantyre ndi mayi ake, a Mailesi, pamodzi ndi mitengo yawo khumi ndi inayi ya manachesi.

Ntchito yake inali ya mano, koma osati yozula. Ambiri ankalakwitsa pamenepa, n'kumamuyasamulira m'minibasi kuti awaone dzino lobooka. Iye ankawauza kuti apite kuchipatala, kenako n'kuyang'ana pawindo.

Nkhani yake inali iyi. M'kati mwa dzino la mwana, lija loyamba limene limagwedera n'kuguluka lokha, mumakhala kamnofu kofiira kosaposa njere ya mpunga. M'kamnofuko muli timaselo tanthete, timene sitinasankhebe choti tidzakhale. Akatswiri a kafukufuku wina ku Blantyre ankafuna kudziwa ngati timaseloti tingaphunzitsidwe kukonza dzino lowola la munthu wamkulu. Christabel ndiye anali manja awo ku Neno. Makolo amene anavomera, atawerengeredwa chikalata n'kusaina kapena kudinda chala, ankalandira kachubu ka madzi ofiirira. Dzino likangoguluka ankayenera kuliponya m'kachubumo n'kumuimbira foni. Iye ankakwera njinga yamoto, bokosi lozizira lili pamiyendo, ndipo dzinolo linkafunika kufika ku Blantyre masiku awiri asanakwane. Kumeneko ankaliswa yekha, n'kukoka kamnofu kaja ndi kachitsulo konga singano, n'kukagoneka m'kambale m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Pakatha sabata ankasuzumira pa maikulosikopu n'kupeza timaselo titayamba kuyanga pansi pa mbale ngati mbatata ya m'dimba. Pa zonse za ntchitoyi, mphindi imeneyo ndi imene ankaikonda, ngakhale sanauzepo munthu.

Vuto linali lakuti mano sankabwera. Kafukufuku ankafuna makumi anayi pofika Okotobala, ndipo mu Juni anali ndi khumi ndi limodzi. Sikuti makolo ankakana. Ankasaina ndi mtima wonse, kachubu n'kukasunga bwino m'sutikesi. Koma dzino limaguluka mwana akutafuna nzimbe, mayi ali kumunda, ndipo mwana wa kuno safunsa munthu chochita nalo. Amathamangira kuseri kwa nyumba, kuliponya padenga, n'kuitana khwangwala kuti atenge lakalelo abweretse latsopano. Kumaiko ena ana amaliika pansi pa pilo, malo oti munthu akhoza kulipeza m'mawa. Kuno limakwera pa udzu, basi nkhani yatha.

Loweruka lina atapita kumudzi, Christabel anadandaulira mayi ake akusenda mbatatesi pakhonde. Anawauza kuti a Jeffrey, bwana wake wa ku Blantyre, anena kuti chiwerengero chikapanda kukwana nthambi ya ku Neno itsekedwa. Ankangopepukitsa mtima. A Mailesi sanayankhe zambiri, anangofunsa kuti kwatsala mano angati.

Patatha milungu isanu anabweranso. Atamulandira ndi kumupatsa madzi, a Mailesi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabotolo ka mafuta odzola, nkhope ili ngwee. M'katimo munali timfundo ta nsalu tisanu ndi tinayi, kalikonse ka mtundu wake.

“Usalire ngati ulibe mayi,” anatero. “Awa ndi asanu ndi anayi. Ena akugwedera.”

Anafotokoza mmene anachitira. Anauza ana a m'mudzimo kuti aliyense wobweretsa dzino kwa agogo alandira manachesi awiri, ndipo ana anayamba kugwedeza mano usana wonse. Poopa kuti angawole asanafike kwa mwini ntchito, anawatsuka ndi phulusa n'kuwayanika padzuwa masiku atatu pa lichero, monga amachitira ndi mbewu ya maungu. Chinthu chofunika chimasungidwa chouma. Moyo wawo wonse lamuloli linali lisanawanamize.

Christabel anamasula kamfundo kamodzi. Dzinolo linali loyera bwino, lopepuka, ndipo m'kati mwake zonse zinali zitafa kale. Panalibenso chikalata, panalibe kholo limene linafunsidwa. Anadziwa nthawi yomweyo kuti akuyenera kunena kuti, amayi, lekani, izi zitipweteka. Koma anayang'ana manja amene anathyola manachesi zaka zonse zija. Anathokoza. Kabotoloko anakafikira nako m'dilowa ya ku ofesi, pansi pa mafomu, n'kudziuza kuti adzawauza ulendo wina.

Ulendo winawo unachedwa, mphekesera n'kuyamba kufika iyeyo. Mmodzi wa ana aja anali Takondwa, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wa Estere wa kutsidya kwa khwawa. Anzake onse mano anamera. Iye mwezi wachitatu unatha, wachinayi n'kulowa, pakamwa pali mpata wokhawokha. Estere atamufunsa ngati analiponya bwino padenga, mwanayo anayankha mosabisa kuti analigulitsa kwa agogo a Mailesi ndi manachesi awiri.

Mayi wamasiye, wokhala yekha, wosonkhanitsa mano a ana a eni n'kumawayanika pa lichero. Mudzi sunafunikire zambiri. Pamjigo amayi anayamba kumaliza nkhani a Mailesi akamatulukira. Ana analetsedwa kudutsa pakhomo pawo. Lachinayi ku Mvano, kumene anaimbako zaka makumi atatu, anakhala pa benchi n'kupeza kuti benchi yonse ndi yawo. Ena ankati mano amapita ku Blantyre kukakhwimitsa malonda a anthu. Ena ankakumbutsana za chaka chija cha anamapopa, n'kumati zoyamba ndi bokosi lozizira sizithera pabwino. M'mawa wina a Mailesi anapeza mitengo iwiri ya manachesi itadulidwa patsinde, zipatso zili mbwee pansi, osatolapo ndi chimodzi chomwe.

Sanamuimbire mwana wawo. Christabel anazimva kwa wanjinga yamoto amene ankamunyamula, amene tsiku limenelo anamupempha mwaulemu kuti bokosilo aliphimbe ndi chitenje podutsa pamsika.

Anaimbira a Jeffrey ali chiimire kuseri kwa ofesi. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupuma mozama. Sanali munthu woipa. Anati mano amenewo sali m'kaundula aliyense, ndiye kuti kwa kafukufuku kulibe, awaponye m'moto wa zinyalala za labu ndipo asalembe kanthu. Anati akangovomera poyera kuti mano otengedwa popanda chilolezo anafika m'manja mwa wantchito wawo, komiti yoona za ufulu wa anthu idzaimitsa zonse, ndipo woyamba kuchoka adzakhala iyeyo. Mphekesera za kumudzi, anatero, zimatha zokha.

Christabel anakulira kumeneko, ankadziwa mmene zimathera. Zimayamba ndi mitengo, kenako moto padenga. Madzulo omwewo analemba lipoti la masamba awiri, n'kuikamo ndi milungu imene kabotolo kanagona m'dilowa mwake. Analitumiza kukomiti ija asanasinthe maganizo. M'mawa mwake anatenga kabotoloko, bokosi lozizira n'kulisiya.

Anawapeza mayi ake atakhala m'nyumba masana, chitseko chili chotseka. Anali ataonda. Apa m'pamene anawauza zimene akanawauza miyezi iwiri yapitayo, kuti dzino louma n'lakufa, kuti palibe limene linagwira ntchito.

“Ndiye unathokozeranji?” anafunsa a Mailesi.

Christabel anangoti manowo akuyenera kubwerera kwa eni ake, koma sakudziwa kuti ili n'la ndani. A Mailesi, amene sanaphunzire kulemba ngakhale dzina lawo, anakhuthulira timfundoto pa mphasa n'kuyamba kutchula. Kabuluu ka maluwa n'ka mwana wa kwa Ezekiele. Kachikasu n'ka mdzukulu wa a katekisiti. Kofiira ka mizere n'ka Takondwa. Sanazengereze pa kamodzi komwe. Christabel anaganiza za machubu amene anzake ophunzira anasokonezapo manambala, mtima n'kumuwawa koposa.

Anayambira kwa Estere, mayi ake ali pambuyo pake. Ali m'njira, ganizo lina linamuimitsa Christabel pakati pa khwawa. Ankadziwa kuti dzino lakutsogolo likhoza kuchedwa miyezi isanu ndi umodzi popanda chovuta, makamaka ngati mwana analigwedeza dala lisanakwane nthawi. La Takondwa linali pafupi kutuluka, kaya lakale libwezedwe kaya ayi. Tsono akabweza lero, mwana n'kuliponya padenga, latsopano n'kumera sabata yamawa, mudzi udzati chiyani? Udzati taonani, gogo uja analimangadi, wamasula ataona moto. Kubweza komweko kukanakhala umboni.

Estere anali akupeta chimanga. Sanayale mphasa. Amayi ena atatu anatulukira ngati ongodutsa, n'kuima chapatali. Christabel anagwada monga mwana wa m'mudzimo, n'kunena kuti wolakwa ndi iyeyo, amene anadandaula kwa nkhalamba osaifotokozera, n'kulandira zinthu za ana a eni osakana. Anaonetsa kamfundo kofiira koma sanakapereke.

“Amake Takondwa, ndikupatsani. Koma musanalandire, sambani m'manja mugwire mwanayu pa usinini.”

“Mukufuna mundiphunzitse pakamwa pa mwana wanga?” anatero Estere. “Sukulu yanuyo ndi imene yatifikitsa pano.”

“Eya, ndi yomweyo. Gwiranibe. Lakale likadali m'manja mwanga, mukuliona.”

Estere anayang'ana amayi aja, n'kuyang'ana a Mailesi, amene anamulandira iye Estere tsiku limene anabadwa mvula itatseka njira ya kuchipatala. Anatunga madzi m'chidebe, n'kusamba. Takondwa anayasamula, maso ali pa kamfundo. Chala cha mayi wake chinayenda pampata paja, n'kuima. Pansi pa khungu lotuwira panali kanthu kolimba, kakuthwa m'mphepete.

Christabel anapempha kuti wina mwa amayi aja agwirenso. Awiri anakana. Wachitatu, Rejoice, anabwera akuseka mwamanyazi, n'kugwira, n'kunena kuti koma lilipodi, eti. Estere anatambasula dzanja n'kulandira kamfundo, n'kukapereka kwa mwana. Takondwa anathamangira kuseri, ndipo anamumva akuitana khwangwala ndi mawu otuluka mphepo. A Mailesi anayang'ana pansi.

Makomo asanu ndi atatu otsalawo anawayenda mpaka dzuwa kupendeka. Pena analandiridwa, pena anauzidwa kuti asiye pa mwala. Bambo wina anafunsa kuti adziwa bwanji kuti dzinolo silinapite ku Blantyre n'kubwerako litachotsedwa kanthu, ndipo Christabel anapeza kuti alibe njira yomutsimikizira.

Kalata ya komiti inabwera patatha milungu itatu. Nthambi ya ku Neno inaimitsidwa, ndipo mgwirizano wake wa ntchito sunawonjezeredwe. Timaselo ta mano khumi ndi limodzi aja tili mufiriji ku Blantyre, akutisamalira ndi munthu wina. Masiku ano Christabel amayeza malungo ndi shuga pa kachipatala kena ka munthu ku Lisungwi, ndipo Loweruka lililonse amakwera kupita ku Midzemba, osadumphitsa. Mukamufunsa za kafukufuku uja amati anali ntchito yabwino, n'kusintha nkhani.

Dzino la Takondwa linatuluka patatha masiku khumi ndi awiri. Monga Christabel ankaopera, alipo amene amanenabe kuti linamera chifukwa lakale linabwezedwa. Rejoice amawatsutsa pamjigo, amati analigwira ndi chala chake ichi, koma Rejoice ndi munthu mmodzi. Ana sanayambirenso kudutsa pakhomo pa a Mailesi. Mitengo khumi ndi iwiri yotsalayo palibe waikhudza.

Lamulungu lina Christabel anakhala kumbuyo m'tchalitchi, akuyang'ana mayi ake ali okha pa benchi yawo ija. Nyimbo yoyamba itayamba, Estere analowa mochedwa ndi Takondwa. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana mabenchi odzaza, kenako n'kupita kukakhala pa benchi ya a Mailesi, kumapeto kwenikweni, mwana atamuika mbali ya kukhoma. Pakati pa amayi awiriwo panatsala malo okwana anthu atatu. A Mailesi sanacheuke. Anangokoka chitenje chawo chimene chinayalika pa benchi, n'kuchipinda pamiyendo, kuti malowo aoneke kuti alipo.