Chaka Chimene Tinakolola ndi Thobwa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 kwathu ku Manyamula, adada atangobwera kuchokera ku Joni. Anzawo ankabwera ndi malata ndi njinga zamoto, iwo anabwera ndi jekete lachikopa ndi ludzu la kachasu. M'mawa manja awo ankanjenjemera mpaka kutaya tiyi, ndipo fungo la mowa linkatsala m'nyumba iwo atatuluka kalekale. Ndinkawakonda adada, koma osanama, ndinkachita nawo manyazi.

Amama anatopa. Anamanga zovala zawo m'chitenje chobiriwira n'kuuika mtolowo kuseri kwa chitseko. Anati adada akangomwanso, iwo abwerera kwawo ku Engutwini. Kwathu ana ndi a bambo, choncho ndinkadziwa kuti amama akapita, apita okha. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkayamba ndasuzumira kuseri kwa chitseko.

Kuchigayo n'komwe amama anamva kuti ku Boma la Mzimba kuli anthu amene anasiya mowa, ndipo amakumana Loweruka lililonse kulimbikitsana. Malo ake enieni palibe ankawadziwa. Adada anavomera kukawafufuza, koma anati ndikwere nawo pakaliyala. Akuti njinga yawo inazolowera kukhota yokha ikafika pa mayi wotcheza kachasu, ndiye mwina ikanyamula mwana ichita manyazi.

Tinafika ku Mzimba matako anga atachita dzanzi, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Apo mpamene kulimba mtima kwa adada kunathera. Munthu akamadutsa, iwo ankawerama n'kumagwiragwira tcheni chosaduka. Ndinaona kuti titha kubwerera chimanjamanja, ndiye ndinafunsa ndekha mayi wina wogulitsa tomato komwe anthu a mowa amakumana. Anatilozera ku bala, akuseka mpaka misozi. Tinafunsa pazipata ziwiri za matchalitchi, osaphula kanthu.

Tikuganiza zobwerera, tinaima pamsika kuti tipope tayala. Wokonza njinga, bambo wamfupi wa imvi dzina lake a Nyirenda, sanayang'ane tayalalo. Anayang'ana manja a adada, amene ankalephera kumasula kachivindikiro ka valavu.

"Adada, mwasiya liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Masiku anayi apitawo."

"Mbwenu mukufuna ife. Dikirani ndilonge masipanala."

Anatitengera m'kalasi ina yakale kuseri kwa tchalitchi, yopanda chikwangwani chilichonse. Munali anthu ochepa, amayi awiri ali momwemo. Ine anandikhazika panja pamthunzi ndi chinangwa chootcha, poti zolankhulidwa m'menemo sizituluka. Adada anatuluka maso ali psuu, koma pobwerera anapalasa akuimba mluzu. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankapita okha.

Mayesero aakulu anabwera pa nthawi yokolola. Mwambo wathu unali wakuti ukafuna anthu akuthandize kumunda, umafulula mowa wamasese. Adada anakana, anati pakhomo pawo sipafika mowa, amama aphike thobwa basi, lomwe ife timati chindongwa. Mkulu wawo wa adada anawaseka pamaso.

"Chindongwa n'cha ana asukulu. Mukolola nokha."

Chiswe chinali chitayamba kale kukwera m'mikukwe, ndipo eni ng'ombe anali pafupi kuzimasulira m'minda. Tsiku litakwana, amama anaika zidebe ziwiri za thobwa pansi pa mtengo. Dzuwa linakwera, osabwera ndi mmodzi yemwe. Ndinaona adada ataima chilili, akuyang'ana kanjira kopita kwa mayi wa kachasu uja. Botolo limodzi lokha likanaitana amuna asanu, ndipo iwo ankadziwa bwino kuti sakanangoligwira osalawa.

Kenako tinamva mabelu. Njinga zisanu ndi ziwiri zinatulukira kumsewu, a Nyirenda ali patsogolo, thukuta lili kamukamu. Anali anthu a gulu la Loweruka lija, amene adada anawadandaulira za vutoli, ndipo anali atanyamuka ku Boma tambala woyamba. Kukolola sankakudziwa bwino, anthu a m'tauni aja; wina yemwe anali telala anadzicheka ndi tsamba la chimanga n'kumadandaula tsiku lonse. Koma anagwira ntchito, akuimba, akumwa thobwa lija ngati ndi la paukwati. Pofika masana aneba athu manyazi anawagwira, n'kuyamba kubwera mmodzimmodzi. Ngakhale mkulu wa adada uja anafika, n'kumwa makapu atatu.

"Yewo chomene," adada ankangobwereza mawu omwewo.

Madengu atachepa, amama analowa m'nyumba. Anamasula mtolo uja, zovala n'kuzibwezera m'sutikesi, chitenje chobiriwira n'kubwera nacho kumunda kudzatutira chimanga. Ine ndinalira poyera, osasamala kuti anthu andiona.

Masiku ano munthu wofuna gulu lotere amangofunsa pafoni, palibe amene angamuone akuchita manyazi. Gulu lina limakumana pa Manyamula pompano, ndipo amene amatsegula chitseko ndi adada, ndi manja osanjenjemera. Mabanja ambiri kwathu tsopano amakolola ndi thobwa osasekedwa. Amama ndi adada akalambira limodzi m'nyumba yomwe ija. Ndikapita kukawaona, diso langa limathamangirabe kuseri kwa chitseko, ndipo ndimangopezako tsache.