Tsiku limene ndinafufuta amayi pa mndandanda

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza kwathu ku komboni ya pafamu. Amayi amauza anthu kuti ndimalemba pa kompyuta ku Harare, ine n'kumangovomera. Zoona zake n'zakuti ndimatsegula windo lakuda pa laputopu, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, n'kutayipa mzere umodzi wautali wolamula makompyuta akuluakulu ali kutali, amene sindinawaonepo, kuti asefe mulu wa mayina woti munthu sangaumalize kuwerenga. Ndikadina Enta, ntchito ija, timati jobu, imapatsidwa nambala yake n'kuyamba kuyenda yokha.

Chaka chimenecho bungwe lathu linkathandiza anthu a m'mafamu opanda zitupa, anthu ngati amayi anga, obadwira konkuno kwa makolo ochokera ku Malawi. Amayi anakalamba opanda chitupa, moti ngakhale nambala ya foni yawo inalembetsedwa m'dzina langa. Tinasonkhanitsa mabuku akale a makalaliki a m'mafamu ndi a m'matchalitchi n'kuwalowetsa mu kompyuta. Gawo langa linali kuchotsa mayina obwerezabwereza kuti patuluke mndandanda umodzi wopita kwa gulu lodzalemba anthu. Wopezeka pa mndandanda adzaitanidwa. Wosapezeka adikire ulendo wina, ndipo ulendo winawo palibe ankadziwa kuti udzakhala liti.

Lamulo losefera ndinalemba ndekha, ndipo ndinkadzimva nalo. Dzina, chiwongo, tsiku lobadwa ndi famu zikafanana, ameneyo ndi munthu mmodzi. Ngati buku lina likuti anamwalira, achotsedwe. Ndinaliyesa pa mayina ochepa a ku Ruwa, kumene ndimachita lendi, ndipo linayenda bwinobwino. Pa mayina a kwathu sindinaliyese, ati ndinalibe nthawi.

Mndandanda unkafunika Lachisanu madzulo, chifukwa gulu lija linkabwera dera lakwathu la Banket Lachiwiri lotsatira. Ndinafuna kukawauza amayi ndekha, choncho Lachisanu m'mawa ndinakwera kombi, laputopu pamiyendo. Ku komboni kwathu netiweki imagwira malo amodzi okha, pachulu chili kuseri kwa mabalani a fodya. Ndinakhala pamenepo cha m'ma leveni, n'kutayipa mzere wanga, n'kuuwerenga kawiri, n'kudina Enta. Ndinali nditakonza zoti jobu ikatha, mndandanda upite wokha kwa a gulu lija. Nditaona kuti yayamba, ndinanyamula laputopu ili yotsegula n'kupita kunyumba.

Ndinapeza amayi akusita diresi lawo la kutchalitchi ndi simbi yamakala. Nkhani inali itawafika kale, komboni siisunga chinsinsi.

"Lachiwiri lidakali kutali, amayi."

"Kwa iwe," anatero. Anauzira makala, n'kupitiriza kusita. "Sazita wanga akanakhala moyo, tikanaima pamzere limodzi."

Sazita ndi mawu amene tinatengera kwa anzathu Achishona, kutanthauza munthu wofanana naye dzina. Sazita wa amayi anali mwana wa mayi awo aang'ono. Kwathu dzina silitayidwa, choncho onse awiri anapatsidwa dzina la malemu mmodzi. Anamwalira ine ndili ku sekondale.

"Kalaliki anatilemba tsiku limodzi," amayi anatero akuseka. "Anangotiyang'ana msinkhu, n'kulemba chaka chimodzi. Tsiku, 1 Januwale, ngati wina aliyense."

Dzina limodzi, chiwongo chimodzi, famu imodzi, tsiku limodzi, ndipo mmodzi anamwalira. Ine amene ndinakulira m'komboni yoti theka la akuluakulu anabadwa pa 1 Januwale, ine amene ndinakhala nawo pa maliro a sazitayo, ndinalemba lamulo limenelo ndi manja angawa. Munthu wa m'tauni akanalakwitsa chonchi ndikanamutukwana mumtima sabata yathunthu.

Ndinadina mabatani awiri oimitsira, windo n'kuonetsa ngati zonse zaima. Ndinapumira m'mwamba. Kenako ndinakumbukira chinthu chimene ndimaphunzitsa anzanga atsopano: mabatani amenewo amangotseka maso ako, jobu imapitirira kumene ili. Kuti ife, umafunika kuitumizira lamulo lina, lokhala ndi nambala yake. Ndipo m'nyumba mwa amayi netiweki mulibe.

Ndinatuluka ndikuthamanga, patapata mmodzi n'kutsala pakhomo. Njira ya kuchulu imadutsa pashedi yosankhira fodya, ndipo inali nthawi yopuma. Azimayi anali atakhala panja, pakati pawo mayi amene anandisunga ndili khanda amayi akamapita kumunda. Munthu ngati ameneyo sumudutsa. Ndinagwada, laputopu m'khwapa.

"Wafika liti, mwanawe? Ku Harare kuli bwanji? Nanga abambo a kunyumba sanapezekebe?"

Ndinayankha zonse, limodzi limodzi, mtima uli pachulu. Atayamba kundiuza za bondo lawo ndinapepesa n'kudzuka, ndipo ndinawamva kumbuyo akuti ana a masiku ano sukulu inawapengetsa.

Pachulu netiweki inali kamzere kamodzi. Ndinafufuza nambala ya jobu m'zilembo zimene zinadutsa. Koyamba ndinalumpha chilembo chimodzi, kompyuta n'kuti jobu yotero siikuidziwa. Kachiwiri netiweki inathawa. Ndinaimirira pamwamba penipeni, foni yopatsira laputopu netiweki ili m'mwamba, nyerere zikundikwera kumwendo wopanda patapata, ndikupemphera pemphero lopanda mutu. Kachitatu lamulo linapita. Yankho linabwera la mzere umodzi: jobu singaimitsidwe chifukwa yatha kale, ndipo yatha bwino, popanda vuto lililonse.

Ndinatayipa dzina la amayi. Panatuluka mzere umodzi m'malo mwa iwiri, m'gulu la ochotsedwa, kumapeto kwake atalemba kuti anamwalira.

Ndinaimbira abwana anga, mayi wofatsa amene sakweza mawu, ndipo kufatsa kwawo kunandiopsa kuposa kukalipa. Ndinafotokoza zonse.

"Ngati ndi amayi ako okha, ndiwalemba pamanja pansi pa mndandanda, basi yatha," anatero. "Koma ngati ndi ambiri, tiubweze wonse. Ukudziwa kuti a gulu sadikira. Ayamba ku Selous, Banket idzaona ulendo wina. Ndiye ndi okha?"

Kuchokera pachulu ndinkaona komboni yonse, madenga ake a malata ndi a udzu. Ndinkadziwa nyumba ziwiri kapena zitatu zimene muli anthu otchedwa dzina la m'bale wawo. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti ndi okha, ndipo sindibisa, ndinafunitsitsa kutero.

"Si okha," ndinatero. "Ubwezeni."

Pobwerera sindinathamange. Diresi linali litapachikidwa kuseri kwa chitseko, lopanda khwinya ngakhale limodzi. Ndinakhala pansi n'kuwauza amayi zonse, osazungulira. Ndinawauzanso kuti akanatha kulowa okha ndipo ndakana ndine.

Atamva zonse, anafunsa:

"Ndiye makina akowo akuti ndinafa?"

"Si makina, amayi. Ndine."

Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanatero. Anakhuthula makala a m'simbi panja, anabwerera, n'kukhala pampasa pafupi nane.

"Tsegula chinthu chakocho," anatero. "Lemba. Nyumba yoyamba kumpopi, bamboyo ndi malume ake, dzina limodzi. Malumewo anafa chaka cha chilala."

Tinayenda komboni yonse tili chikhalire, nyumba ndi nyumba, iwo akutchula ine ndikutayipa, mpaka batire linatha. Kenako ndinapitiriza pa pepala. Anali ambiri kuposa amene ndinkaganiza, ndipo imeneyo inali famu imodzi yokha.

Lamulo ndinalikonza sabata yotsatira. Tsopano mayina akafanana, jobu imawaika pambali kuti munthu akafunse. Mndandanda watsopano ulipo, amayi alimo, amoyo, ndipo ndimawayang'ana kaye ndisanadine Enta pa jobu iliyonse. Gulu lija silinabwerebe ku Banket. Ndikaimba foni amayi amandifunsa za lendi, za chimfine, za mvula ya ku Ruwa, koma za chitupa safunsa. Mwezi watha nditapita ndinapeza diresi lija lidakali kuseri kwa chitseko, ataliphimba ndi pulasitiki kuti lisagwire fumbi.