Jaji wa ku Amerika ndi jaji wa pa wadi

Lachiwiri Tadala, mdzukulu wa alamu anga a Mbewe, anandikhazika pa benchi ku Greenwich kuti ayeserere pa ine zokalankhula ku yunivesite. Ine wa Sitandade 6, lero pulofesa!

Nkhani yake inali ya mzungu wina wakalekale ku Amerika, dziko lawolo likungoyamba kumene. Anayamba uloya, n'kulowa nyumba ya malamulo, ndale zitamukola anamupatsa ujaji. Ankayenda pa hatchi tauni ndi tauni, m'matope, kukaweruza milandu. Mtsikanayu akumudziwa ngati malume ake: anakwatira kwa yani, anakangana ndi ndani, ngakhale nthenda imene inamutenga.

Ndinati, "Iwe Tada, nanga jaji wa m'nyumba mwanu?"

Anandiyankha m'Chizungu, monga amachitira ana athuwa, kuti agogo ake anali a ku positi ofesi.

Zoona, kuno kunja anakalambira kusankha makalata. Koma kumudzi a Mbewe anali majisitireti. Tsiku lina akuluakulu anawaimbira foni kuwauza mmene mlandu wina uthere. Iwo sanamvere, anamumasula munthu woimbidwa mlanduyo. Sabata isanathe anali atadutsa malire, mlongo wanga pambuyo, sutikesi imodzi.

Vuto ndi lathu, anzanga othawa kwathu. Tinazolowera kutsitsa mawu. Za kumudzi timakamba ana atatuluka, chitseko chotseka, ngati ku Peckham kuno alipo wotitchera khutu. Amene tinkawaopa anafa kalekale, ife tidakanong'onabe. Tikubisira ndani?

Pano a Mbewe agonekedwa m'chipatala ku Romford, ndipo mutu wayamba kutaya zinthu. Sabata yatha ananditchula dzina la malemu mkulu wanga.

Lachinayi ndinakwera sitima ndi Tadala kupita kuchipatalako, kuti akamve yekha za ujaji wa agogo ake. Anaika foni pa bedi kuti ijambule mawu. Madala anaiyang'ana foniyo, n'kuyang'ana kukhomo.

"Alamu, zimenezi zikupita kwa ndani?"

"Kwa mdzukulu wanu basi. Yankhulani, bwana jaji, musanaiwale kuti mlongo wanga anakukanani kawiri."

"Katatu," anandikonza.

Anadzuka pang'onopang'ono, nakonza kolala ya pijama ngati akulowa m'khoti. Anamuuza Tadala atseke katani, kenako anasintha maganizo.

"Ayi, isiye. Amve ndi anesi omwe."

Ndipo anatchula dzina la munthu anamumasula uja, lonse, ndi mudzi wake, mokweza.

Inu, achikulire anu aja mudzawafunsa liti?